Kusaka agogo anu amene anatchona ku Halale kapena ku Joni, osalipira kanthu

Mudzi uliwonse kwathu kuno uli ndi munthu amene ananyamuka kukasaka maganyu ku Halale kapena ku Joni nthawi ya Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, osabweranso, matchona aja. Kwathu anali alongo awo a agogo anga aakazi, ndipo agogowo anachita kumwalira akufunsabe kuti kodi m'bale wangayo anakamuika kuti. Lero ndi foni komanso kabandulo mutha kuyamba kusaka muli khale pakhonde.

Musanatsegule data, kaye kakhaleni pansi ndi akuluakulu amene atsala. Afunseni mayina onse a munthuyo, la kumudzi, la ubatizo, la bambo ake, mfunda, mfumu ya mudzi ndi boma lake, komanso kuti anachoka liti. Chaka sangachikumbuke koma anena kuti "anapita itangotha njala ya 1949" kapena "ndege ija isanagwe", ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown ku Botswana mu 1974 Kamuzu n'kuletsa anthu kupita ku migodi. Zimenezo lembani, ndi poyambira.

Kenako pitani pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti losakirapo mbiri ya makolo, tsegulani akaunti, ndi yaulere ngakhale ndi ya mpingo wa ma Mormon sakufunsani kuti mumapemphera kuti. Muli mabuku a imfa a ku Zimbabwe ofika zaka za m'ma 1970, muli a imfa a ku Transvaal, chigawo chakale chimene munali mzinda wa Johannesburg, mulinso a maukwati a ku boma ndi a m'matchalitchi a ku South Africa. Kungoti ku Zimbabwe ma death notice, mapepala odziwitsa boma za imfa, ambiri ndi a anthu amene anasiya chuma, azungu makamaka, ndiye wa ku mgodi kapena ku famu ya fodya mumuyang'ane kwambiri m'ma death register, mabuku a kaundula wa imfa.

Apa ndiye pamene anthu ambiri amagwera mphwayi, amalemba dzina mmene timalembera lero, makina n'kunena kuti palibe, basi n'kutseka. Kalaliki amene ankalemba uja sankadziwa Chinyanja, ankangolemba zimene khutu lamva. Phiri mupeza ali Piri, Mbewe ali Mbewi, Nkhoma ali Nkoma, ndipo ena ankangolembedwa dzina limodzi lokha la kuntchito ngati Jim kapena Sixpence, la makolo osaonekamo. Yesani masipelo onse, ikaninso kanyenyezi * pamene mukukayika, monga Nk*oma, kamagwira zilembo zosowazo. Malo nawonso lembani akale: Nyasaland osati Malawi, Salisbury osati Harare, Fort Johnston ndiye Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Kota Kota, Cholo, Mlanje. Ine ndinataya masabata awiri ndikulemba Mchinji pa pepala la m'ma 1950, zinandipweteka nditazindikira.

Dzina likapanda kutuluka sikuti pepala kulibe ayi. Mabuku ambiri anangowajambula koma mayina sanawalowetse mu kompyuta, ndiye pitani pa Catalog, mndandanda wa mabuku pa FamilySearch pomwepo, lembani tawuni monga Bulawayo, sankhani chaka, muzitsegula tsamba ndi tsamba. Zimadya bandulo zimenezi, bola usiku kapena pa wifi, ndipo kulemba kwa makalaliki akale kumafuna kukulitsa chithunzi mpaka maso kuwawa. Koma mukalipeza pamakhala tsiku, malo amene anafera, matenda, zaka zake, nthawi zina ndi kumene anachokera.

Za ukwati musazinyoze, matchona ambiri anakwatira konko ndipo pepala la ukwati limakupatsani dzina la mayi, mwina muli ndi asuweni ku Mbare kapena ku Highfield mu Harare amene akukusakani nawonso. Ngati anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la atsamunda) amene anafera ku nkhondo, yesani tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda a asilikali, nalonso ndi laulere.

Amene anamwalira konkuno pa intaneti ndi ovuta, nthawi ya atsamunda imfa za anthu akuda sizinkakakamizidwa kulembetsa, ndiye bola mabuku a ku mishoni kapena ku National Archives ku Zomba. Chimene mwapeza chijambuleni pompo pamodzi ndi dzina la buku ndi nambala ya chithunzi, ndipo musathamangire kulengeza pa gulupu ya banja, a Banda ndi a Phiri analipo ambiri ku Salisbury, muyambe mwaona ngati mudzi kapena boma likugwirizana ndi zimene ananena akuluakulu aja.