Kukonzekera opaleshoni yachiwiri ya pituitary pa matenda a Cushing

Matenda a Cushing, amene Harvey Cushing anawafotokoza mu 1932, amayamba ndi kachotupa ka pa pituitary, kachiwalo kakang'ono kokhala kunsi kwa ubongo. Kachotupako kamatulutsa homoni ya ACTH yochuluka, imene imakakamiza tiziwalo ta adrenal tapamwamba pa impso kutulutsa homoni ina yotchedwa cortisol mopyola muyeso. Opaleshoni yodzera m'mphuno imachiza odwala ambiri, koma mwa ena cortisol satsika, ndipo mwa ena matenda amabukanso patapita zaka.

Musanavomere kubwerera ku fiyeta, tsimikizani kuti matendawo alipodi, pakuti kunenepa kapena kukwera kwa shuga pakokha si umboni. Madokotala amayeza cortisol m'malovu a pakati pa usiku, mumkodzo wa maola 24, komanso m'magazi a m'mawa munthu atamwa 1 mg ya mankhwala a dexamethasone usiku wake. Ngati opaleshoni yoyamba yangochitika kumene, kambiranani za kudikira pang'ono, popeza mwa odwala ena cortisol amatsika mwapang'onopang'ono kwa milungu ingapo.

Funso lalikulu kuposa onse n'lakuti chotupa chikuoneka pa MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi) kapena ayi, nanga chakhala pati. Chikamaoneka bwino, ndiponso pamalo ofikika, opaleshoni yachiwiri ili ndi tanthauzo. Chikalowerera cham'mbali, kumene kumadutsa mtsempha waukulu wopititsa magazi ku ubongo, kuchichotsa chonse kumavuta, ndipo chikapanda kuoneka dokotala amakakamizika kudulako mbali ya pituitary yeniyeniyo. Dziwaninso kuti ulendo wachiwiri dokotala amadutsa m'zipsera, mmene zizindikiro zomutsogolera zinasokonekera, n'chifukwa chake ochira amakhala pafupifupi theka kapena kupitirirako pang'ono, kuchepera pa a ulendo woyamba. Apa manyazi alibe ntchito: mufunseni dokotalayo kuti amachita maopaleshoni a pituitary angati pachaka. Funsaninso za njira zina, monga mankhwala a metyrapone, ketoconazole kapena osilodrostat, kuwotcha chotupa ndi cheza, kapenanso kuchotsa tiziwalo ta adrenal tonse tiwiri, kumene kumathetsa cortisol wochuluka nthawi yomweyo koma kumasiya munthu akumwa mahomoni moyo wake wonse.

Mavuto awiri amachuluka pa opaleshoni yobwereza. Loyamba ndi kuchucha kwa madzi ozungulira ubongo. Mukaona timadzi toyera ngati ta pampopi tikudontha m'mphuno mukawerama, kapena mukamamva kukoma kwa mchere kukhosi, mutu n'kumapweteka kwambiri mukaimirira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa pobooka pamenepo pangalowe tizilombo toyambitsa matenda oumitsa khosi. Pofuna kuteteza bala, kwa milungu imene dokotala wanena musamine, musanyamule zolemera, ndipo poyetsemula muzitsegula pakamwa. Lachiwiri ndi kufooka kwa pituitary, kumene kungachepetse mahomoni a chithokomiro ndi a kubereka, choncho magazi ayenera kuyezedwanso ngakhale mukudzimva bwino.

Madzi a m'thupi nawo amafuna diso. M'masiku oyamba ena amakodza kwambiri n'kumamva ludzu losatha, ndipo mankhwala a desmopressin amathandiza. Chodabwitsa n'chakuti patatha pafupifupi sabata zinthu zimatha kutembenuka, thupi n'kusunga madzi mpaka mchere wa sodium kutsika m'magazi, nthawi imene ambiri amakhala atatuluka kale m'chipatala. Mseru, mutu ndi kusokonezeka maganizo panthawiyi si zoti mugone nazo. Cortisol wochuluka amachititsanso magazi kuundana mosavuta, motero yambani kuyendayenda msanga, ndipo mwendo ukatupa mbali imodzi kapena mukayamba kubanika, thamangirani kuchipatala.

Opaleshoni ikatheka, cortisol amagwa pansi kwambiri, ndipo ngakhale ichi n'chizindikiro chabwino, thupi limaphwanya, mfundo zimawawa, mphamvu zimatha. Mudzapatsidwa hydrocortisone, mankhwala olowa m'malo mwa cortisol, kwa miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka, kufikira tiziwalo ta adrenal titadzukanso. Musasiye mankhwalawa panokha, ndipo musanatuluke m'chipatala pemphani kuti akulembereni mlingo womwa mukatentha thupi, akuphunzitseninso pamodzi ndi wokusamalirani kubaya jakisoni wa hydrocortisone, amene amafunika mwamsanga mukamasanza mpaka mapiritsi kulephera kukhala m'mimba.