Momwe mungayambire ntchito yokonza malo ojambuliramo filimu muno mu Harare

Mu filimu iliyonse muli munthu amene amasankha mtundu wa khoma, mpando umene agogo akhalepo, kalendala yapakhoma, ngakhale mbale yodyeramo nsima. Ameneyo ndiye production designer. Amagwirizana zochita ndi dayirekitala ndi wojambula pa kamera, ndipo pansi pake pamakhala art director (woyang'anira ntchito yomanga ndi kukongoletsa), akalipentala, opaka penti ndi osunga ma props, zinthu zimene ochita sewero amagwira m'manja. Muno mu Harare mafilimu ambiri amapangidwa ndi ndalama zochepa, moti maudindo onsewa amagwera anthu awiri kapena atatu. Amene amaitanidwanso kachiwiri si wokongoletsa kwambiri ayi, koma amene amadziwa kumene chinthu chimapezeka, mtengo wake, ndi momwe chidzaonekere pa kamera.

1. Yambani ndi ntchito yapansi

Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Pemphani kuthandiza kumanga ndi kupenta siteji ku Reps Theatre ku Belgravia kapena ku Theatre in the Park mu Harare Gardens. Ophunzira a sukulu ya filimu ya ZIFTESSA amasowa manja pa mafilimu awo aafupi, chimodzimodzi opanga mavidiyo a nyimbo. Zimbabwe International Film Festival, imene inayamba mu 1998, ndi malo okumanirana ndi ma producer, anthu oyendetsa ndalama ndi dongosolo la filimu. Wofuna maphunziro ayang'anire nthawi imene MultiChoice Talent Factory imaitana anthu: sukulu yake ya chigawo chino ili ku Lusaka, ndipo wolankhula Chichewa sasochera mumzindamo.

Ngati muli kale kalipentala, telala kapena wolemba zikwangwani, nenani msanga. Luso la m'manja ndilo khomo lolowera.

2. Phunzirani kugawa script

Werengani script, nkhani yolembedwa ya filimuyo, kawiri. Ulendo woyamba mumve nkhani yokha. Wachiwiri tengani pepala, mulembe mizere ya scene iliyonse, kutanthauza kachigawo ka nkhani kochitikira malo amodzi: nambala yake, malo, m'kati kapena panja, usana kapena usiku, chaka cha nkhaniyo, zogwira m'manja, zoyala m'chipinda, ndi zimene ziwonongeke. Mzere womalizawu ambiri amauiwala. Ngati mayi aswa kapu pokangana ndi mwamuna wake, dayirekitala adzabwereza kanayi kapena kasanu, ndiye pafunika makapu asanu ndi limodzi ofanana ndendende. Kalata yong'ambidwa, malaya othiridwa magazi, chakudya chodyedwa pa kamera, zonsezi zikhale zambiri.

Kenako funsani zimene script sinanene. Mwini chipindachi amalandira ndalama zingati? Wakhalamo zaka zingati? Amapemphera kuti? Chipinda cha mlonda wopanga lendi ku Epworth sichifanana ndi cha mphunzitsi wopuma ntchito ku Mufakose, ngakhale onse alembedwa kuti ndi osauka. Sonkhanitsani zithunzi 15 kapena 20 za zipinda zenizeni, mutapempha eni ake, musankhe mitundu itatu kapena inayi yolamulira filimu yonse, dayirekitala avomereze musanagule kanthu.

3. Yezani malo, jambulani pulani

Pokaona malo tengani tepi ya mamita 5 kapena 8. Yezani makoma, zitseko, mawindo ndi kutalika kwa denga. Lembani pamene pali masoketi ndi mbali imene dzuwa limalowera. Pulani ijambulidwe pa sikelo ya 1:50, kutanthauza kuti masentimita 2 papepala ndi mita imodzi: chipinda cha mamita 4 ndi 3.5 chikhala masentimita 8 ndi 7. Dulani timapepala toyimira bedi, tebulo ndi kabati, muzitisuntha papulanipo limodzi ndi wa kamera. Mukadzaza chipinda chonse, kamera, magetsi ndi wogwira maikolofoni asowa poima, katundu wanu atulutsidwa panja m'mawa wa tsiku lojambula.

Mapulogalamu ojambulira pulani monga SketchUp ndi Blender amathandiza ngati muli ndi kompyuta, koma pensulo ndi rula zimakwanira poyamba.

4. Dziwani kumanga khoma labodza

Makoma a seti, malo omangidwa kuti ajambuliremo, amamangidwa ndi ma flat: felemu ya matabwa opepuka yokutidwa ndi hardboard kapena plywood ya mamilimita 3 kapena 4. Bolodi limodzi ndi mamita 2.44 ndi 1.22. Ikani timatabwa topingasa pa masentimita 60 aliwonse, apo ayi bolodi lipindika likanyowa ndi penti. Lumikizani ma flat ndi masikuluwu, osati misomali, kuti khoma limodzi lizichotsedwa kamera ikafuna kudutsa, komanso kuti matabwawo adzagwirenso ntchito pa filimu ina. Kumbuyo ikani zochirikiza zopendekera, muzipsinje ndi matumba a mchenga. Flat yosachirikizidwa imagwedezeka wina akamenyetsa chitseko, ndipo woonera amazindikira pomwepo.

Chipinda cha makoma atatu, lililonse la ma flat atatu, chifuna ma flat 9, pafupifupi masikweya mita 27. Kupaka kawiri ndi 54. Lita imodzi ya penti ya PVA imapaka masikweya mita 8 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye mufunika malita 7. Gulani zitini ziwiri za malita 5, yotsala ndi yokonzera pokandika. Mipata ya pakati pa mabolodi imatsekedwa ndi filler (phala lomatira ming'alu), n'kukwecha ndi sandipepa penti isanapakidwe.

Musanamange, funsani ngati kulibe seti yoima kale. Filimu ya Cook Off, imene inatuluka mu 2017 n'kulowa pa Netflix mu 2020, inajambulidwa muno ndi madola pafupifupi 8,000, ndipo inagwiritsa ntchito seti ya pulogalamu ya pa TV ya mpikisano wophika.

5. Chilichonse chiyesedwe pa kamera

Maso amanama. Khoma loyera mbee limabweza kuwala kochuluka, nkhope ya munthu wakhungu lakuda n'kumira; thirani penti yotuwa kapena yachikasu pang'ono m'yoyerayo. Penti yonyezimira imaonetsa magetsi a ojambula, ndiye gulani yosanyezimira. Nsalu ya timizere ting'onoting'ono imanjenjemera pa kamera. Galasi la pa chithunzi cha pakhoma lichotseni, kapena chipendekeni pang'ono ndi kapepala kumbuyo. Pakani kabolodi kakang'ono mtundu uliwonse, muimikepo munthu, mukajambule ndi kamera ndi magetsi omwe adzagwire ntchitowo.

Chinthu chatsopano chimaoneka chatsopano. Malaya anyikeni m'tiyi wowawa wopanda mkaka, mukwechepo ndi sandipepa pakolala, m'zigongono ndi m'mawondo, osati paliponse. Pakhoma litsiro limakhala pamene manja amagwira: pa switch, pafupi ndi chogwirira chitseko, pamwamba pa bedi pamene mutu umatsamira, ndi mwaye pamene pamaima kandulo magetsi akazima. Penti yabulauni yosungunula ndi madzi ambiri, yopaka ndi siponji n'kupukuta isanaume, imachita zimenezi.

6. Kopeza katundu

Ku Siyaso ku Mbare kuli zitsulo, zitseko zakale, mbaula ndi anthu owotcherera. Kaunjika ali ku Mupedzanhamo. Mipando ndi makabati amapangidwa ku Glen View Area 8, ndipo kalipentala angakupangireni kabati yamaso okha, yopanda mashelefu, pamtengo wotsika. Koma katundu wa zaka za m'ma 1970 ndi 1980, monga wayilesi yamatabwa, mbale za enamel ndi nsalu zoluka zoyala pamipando, ali m'nyumba za makolo athu ku Mabvuku, Highfield ndi Dzivarasekwa. Pobwereka jambulani chinthucho, lembani pamene chinasweka kale, tsiku lobweza ndi ndalama yolipira chikawonongeka, nonse awiri musayine. Mukabweza wayilesi ya agogo yothyoka, banja lonselo silidzakubwerekaninso.

Samalani zaka. Mzindawu unkatchedwa Salisbury mpaka 1982. Nkhani ya 2008 ifuna ma bearer cheque, ndalama zapepala za nthawiyo; ndalama ya ZiG inabwera mu April 2024. Ndalama za mu filimu musazisindikize zofanana ndi zenizeni, ndi mlandu: sinthani kukula, musindikize mbali imodzi. Mfuti ya chidole isatuluke mumsewu apolisi asanadziwitsidwe ndi producer. Mayina a makampani pa mabotolo ndi mapaketi aphimbeni ndi lebulo yanu. Ndipo nkhani ikakhudza gule wamkulu, musathamangire kubwereka kapena kutengera zovala zake. Yambani mwakhala pansi ndi akuluakulu a dambwe.

7. Tsiku lojambula

Jambulani seti ndi foni mbali zonse scene isanayambe ndiponso ikatha, mulembe nambala yake. Tiyi anali theka la kapu, kandulo inali yaitali chala chimodzi, chitseko chinali chotseka: mawa zikhale momwemo. Zapanja nazo: majakaranda amachita maluwa chakumapeto kwa September ndi mu October, mvula imayamba cha mu November. Msewu wojambulidwa mu October sudzafanana ndi womwewo mu January.

M'chikwama mukhale tepi zomatira, waya, pulayala, sikuludilaiva, lumo, guluu, nsanza ndi penti yotsala m'timabotolo.

8. Ndalama ndi mbiri ya ntchito

Pa bajeti onjezani 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo musaiwale galimoto yonyamula katundu popita ndi pobweza. Ku Siyaso malisiti ndi osowa, choncho yendani ndi kabuku ka malisiti, wogulitsa asayinemo. Mgwirizano wanu ulembedwe, ndipo utchule masiku okonzekera, ojambula ndi obweza katundu, chifukwa ma producer ena amawerenga ojambula okha. Utchulenso ndalama yake, dola kapena ZiG, ndi momwe dzina lanu lidzalembedwere kumapeto kwa filimu.

Ntchito iliyonse isiye zithunzi zitatu: malo asanakonzedwe, pulani yanu, ndi momwe anaonekera mu filimu. Sankhani masamba 10 kapena 12, muwaike mu PDF yopepuka yotumizika pa WhatsApp. Zithunzi za filimu imene sinatuluke musazitumize kwa wina aliyense producer asanalole.