Kupanga ngolo ya m'misewu yafumbi ndi bode ya pikapu yakale

Pikapu ikafa injini, kapena ikaphwanyika kutsogolo pangozi, theka lake lakumbuyo limakhala likadali labwino: bode, chesesi, masipuling'i, ekiselo ndi matayala. Zimenezi n'zokwanira kupangira ngolo yokokedwa ndi galimoto, yokatutira chimanga ku Malingunde, Nsalu kapena Kasiya, kapenanso yonyamulira mahema ndi madzi popita ku Dzalanyama. Ngolo zoterezi sizifera pa bode ayi. Zimafera pa mmene mkono wokokera walumikizidwira ku chesesi, ndiponso pa mbali imene kulemera kwatsamira. Maso anu akhale pawiri pamenepa kuyambira pogula mpaka poyesa pamsewu.

Galimoto yoti mudule

Funafunani single cab ya bode yaitali, monga Toyota Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody kapena Mazda B-series. M'magalaja a ku Biwi mu Lilongwe zotere zimapezeka zitangokhala pa njerwa. Double cab ipeweni ngakhale akutsitsireni mtengo. Bode yake ndi yaifupi, ndipo gawo lalikulu limalendewera kumbuyo kwa ekiselo. Mukangopakira katundu, kumbuyo kumalemera, mkono umapepuka, ngolo n'kuyamba kuyenda mwa uku ndi uku.

Werengani mabawuti a tayala. Mapikapu ambiri a 4x4 ali ndi mabawuti 6 pa muyeso wa 139.7 mm, ndipo ngati galimoto yanu yokokera ili chimodzimodzi, tayala limodzi lasipeya likwanira zonse ziwiri. Kenako tengani hamala mugogode chesesi, makamaka pomwe pamangidwa masipuling'i ndi m'makona momwe matope a katondo amakhazikika. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chodyedwa ndi dzimbiri chimalira mogontha, n'kumayoyoka makoko. Chesesi yobowoka pafupi ndi masipuling'i isiyeni. Pogula, lemberanani kalata yokhala ndi nambala ya chesesi. Idzakuthandizani polembetsa ngoloyo.

Kudula

Girayinda isalire thanki ya mafuta isanachotsedwe ndi kuikidwa kutali. Thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa mpweya wa petulo umatsalira mkatimo. Chotsaninso ekizozi, propshaft (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ya injini ku ekiselo) ndi mapaipi a mabuleki. Chingwe cha handibuleki chisungeni, chidzagwira ntchito poimika ngolo pamtsetse.

Ikani galimotoyo pa simenti yosalala, muikhazike pa masitandi. Musadule chesesi pomwe bode yathera. Siyani masentimita 50 kapena 60 kutsogolo, pomwe panali kabu, kuti mkono upeze pogwira. Musanadule, wotchererani chitsulo chopingasa pakati pa mbali ziwiri za chesesi, apo ayi zikangomasuka zimatanuka ndipo kuzibwezera m'malo n'kovuta.

Mkono wokokera

Gulani chitsulo cha bokosi cha 100 x 50 mm chochindikala 4 mm. Ngolo yopepuka ingathe kuyenda ndi 76 x 50 x 3 mm, koma paipi ya madzi kapena chitsulo chopangira mageti zisayandikire ntchito iyi. Pafunika zidutswa ziwiri zokumana kutsogolo ngati chilembo cha A. Utali wake kuchokera pa bode kufika pokolekera ukhale mamita 1.3 mpaka 1.5. Mkono waufupi umachititsa kuti kona ya bode imenye galimoto pokhota kapena pobwerera m'mbuyo, komanso ngolo yake siikhazikika pa liwiro.

Cholakwika chofala ndi kugunditsa chitsulo chatsopano kumapeto kwa chesesi yodulidwayo n'kuwotcherera mozungulira. Zimaoneka bwino, koma mphamvu yonse ya mabampu imathera pa mzere umodzi umenewo, ndipo pamsewu wa mankhwinya wa m'chilimwe pamang'aluka. Zitsulo ziwirizo zidutse pansi pa chesesi, zilowe mkati masentimita osachepera 60, ngati n'kotheka mpaka pafupi ndi pomwe masipuling'i agwira kutsogolo. Wotchererani motsata utali wa chitsulo. Musawotcherere mopingasa pamwamba pa mkono pomwe ukutulukira m'chesesi, chifukwa m'pomwe chitsulo chimapindika kwambiri ngolo ikamadumpha, ndipo mng'alu umayambira m'mphepete mwa chowotchereracho. M'mbali mwa mfundo iliyonse ikani pulaiti ya 6 mm yosongoka mbali zonse ziwiri, kuti mphamvu imwazikane.

Palani penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale. Ma welding rod a 2.5 mm pa kamakina kofooka amangomata pamwamba osalowa mkati. Gwiritsani ntchito a 3.2 mm, a mtundu wa 7018 ndi abwino kuposa a mtundu wa 6013 pa mfundo zonyamula katundu, bola makina akhale amphamvu ndipo ma rod asanyowe. Magetsi akafooka, imani kaye. Pano m'pomwe muyenera kulipira mmisiri wodziwa, ngakhale zina zonse mutachita nokha.

Musanawotcherere kotheratu, ingodonthezani m'malo angapo kenako muyeze ndi tepi kuchokera pakati pa pokolekera kufika kumapeto kwa ekiselo, kumanja ndi kumanzere. Kusiyana kusapose mamilimita 5. Kukaposa, ngolo imayenda chammbali ndipo matayala amadyeka mbali imodzi.

Coupling, chokolekera cha kumapeto kwa mkono, imangidwe ndi mabawuti a M12 olembedwa 8.8 pamutu, pa pulaiti ya 8 mm, isawotchereredwe. Bawuti likamadutsa m'chitsulo cha bokosi, lowetsani kapaipi mkatimo kuti bokosilo lisaphwatalale pomanga. Tow ball (kampira kachitsulo ka kumbuyo kwa galimoto, kokolekapo coupling) ya 50 mm ndi yokwanira misewu yambiri yakumudzi. Ngati mumawoloka zigwembe ndi mitsinje yopanda mlatho, mbedza ndi mphete yotembenuka ndi zabwinopo, chifukwa tow ball ili ndi malire a mmene ingapendekere ndipo ikawapyola imapinda mkono kapena coupling n'kuvuka. Ngolo ikakolekedwa iime yowongoka, osaweramira kutsogolo kapena kumbuyo. Onjezani matcheni awiri opingasana pansi pa mkono, kuti coupling ikavuka mkono ugwere pa matchenipo m'malo mokumba msewu.

Difu ndi masipuling'i

Ambiri amasiya ekiselo ya galimotoyo chifukwa ilipo kale, ndipo palibe cholakwika. Musasolole ma half shaft, mashafti awiri a mkati mwa ekiselo, poganiza kuti mukupeputsa ngolo: pa mapikapu awa tayala limamangidwa pa shafti yomweyo, ndipo mbali yake yamkati imatsamira m'difu, chibokosi cha magiya cha pakati pa ekiselo. Chimene mungachotse ndi crown wheel, giya yaikulu ya m'difumo. Ikachoka, pinion, giya yaing'ono yolumana nayo, siizunguliranso. Ikatsala, pinion imazungulira kanayi kapena kupitirira pa kuzungulira kumodzi kwa tayala, popanda phindu lililonse, n'kumangodya silo yotchinga oyilo. Oyilo wa 80W-90 akhalemobe. Kabowo kopumira ka pamwamba pa ekiselo kalumikizeni ndi kapaipi ka labala kokwera mpaka pansi pa bode, chifukwa difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira a m'dambo imayamwa madziwo, oyilo n'kusanduka ngati mkaka.

Kuipa kwa difu ndi kulemera komanso mimba yake, imene imakhula pakati pa msewu womwe ngolo za ng'ombe ndi mathirakitala zakumba mikwasa m'dzinja. Amene ali ndi ndalama aike ekiselo yowongoka ya ngolo, yokhala ndi mahabu ofanana ndi a galimoto yokokera.

Masipuling'i a pikapu anawapangira tani imodzi ya katundu pamwamba pa kulemera kwa kumbuyo kwa galimotoyo. Pa ngolo yopanda katundu amauma kwambiri, ngolo n'kumangodumpha. Chotsani tsamba lochindikala lapansi, mwinanso limodzi lalifupi, koma awiri apamwamba musawakhudze. Ikani centre bolt ndi ma U-bolt atsopano. Mashoko musachotse, ndi amene amaletsa ngolo kunjanja pa mabampu.

Kulemera

Apa m'pofunika kudekha. Mkono uzinyamula 7 mpaka 10 peresenti ya kulemera konse kwa ngolo ndi katundu wake. Ngolo ya makilogalamu 700 izipondereza tow ball ndi makilogalamu 50 mpaka 70, osapyola malire olembedwa pa towbar, chitsulo chokokera cha galimoto yanu. Kuyeza n'kosavuta: kolekani sikelo ya mbedza, yonga ya mavenda ogula mbewu, pa mtanda wolimba, mukoleke mkono pamenepo uli pa msinkhu womwe umakhala pa galimoto. Ukapepuka, samutsirani tayala lasipeya, bokosi la zipangizo kapena zigubu za madzi pamwamba pa mkono, kutsogolo kwa bode. Popakira, katundu wolemera akhale pansi, patsogolo pang'ono pa ekiselo, ndipo amangidwe kuti asaserereke chammbuyo pokwera chitunda.

Mabuleki a mafuta a pikapu ija sagwiranso ntchito mukadula mapaipi, ndiye kuti ngolo yanu ilibe mabuleki. M'maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, ngolo yopanda mabuleki siiloledwa kupyola makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu, ndipo ndi nzeru kuti isaposenso theka la kulemera kwa galimoto yokoka. Ngolo yochokera ku pikapu imatha kulemera pafupifupi makilogalamu 400 payokha. Zotsala ndi matumba 7 a chimanga a makilogalamu 50, ngakhale bodeyo ingalowe 20. Wofuna kunyamula zoposa apo agule ekiselo ya mabuleki ndi coupling yomwe imamanga mabuleki yokha galimoto ikamaima. Kutsetsereka pa katondo wonyowa ndi tani imodzi ikukukankhani kumbuyo kumatembenuza ngakhale 4x4.

Magetsi ndi mapepala

Nyali zakumbuyo za pikapu zigwira ntchito. Pa pulagi ya mapini 7, waya wachikasu ndi indiketa yakumanzere, wobiriwira yakumanja, wofiira ndi buleki, wabulawuni ndi wakuda ndi nyali zausiku, woyera ndi earth. Waya woyerayo afike pa nyali iliyonse, osadalira tow ball, chifukwa fumbi ndi girizi zimadula njira ya magetsi ndipo nyali zimayamba kuphethira zonse pamodzi. Mawaya adutse mkati mwa chitsulo kapena m'paipi kuti zitsa ndi udzu zisawakoke. Pakani red oxide woteteza ku dzimbiri musanapake penti, muike zonyezimira zofiira kumbuyo. Pitani ku Directorate of Road Traffic and Safety Services musanayambe kudula, mukafunse zofunika polembetsa ngolo yopanga nokha, kuti nambala ndi COF (chikalata choti ndi yoyenera kuyenda pamsewu) zisadzakuvuteni ntchito itatha.

Kuyesa

Yambani yopanda katundu pamsewu wopanda anthu ambiri, kenako ndi theka la katundu, mukuwonjezera liwiro pang'onopang'ono. Ngolo ikayamba kugwedezera kumbuyo, chotsani phazi pa mafuta, chiwongolero chikhale chowongoka, osaponda buleki mwamphamvu. Mukaima, sunthirani katundu kutsogolo. Pakatha makilomita 50 oyamba mangitsaninso manati a matayala, ma U-bolt ndi mabawuti a coupling, ndipo gwirani mahabu ndi dzanja kuti mumve ngati akutentha mopyola. Mukabwerako ku ulendo uliwonse wa msewu woipa, tsukani pomwe mkono wakumana ndi chesesi n'kuyang'anitsitsa. Kamzere kofiirira ka dzimbiri pa penti, kopyapyala ngati ulusi, ndi mng'alu umene wayamba. Bowolani kabowo kakang'ono kumapeto kwake kuti usapitirire, kumbani mng'aluwo ndi girayinda, wotchererani, muikepo pulaiti ngolo isanakolekedwenso.