Kugwiritsa ntchito jump starter poyatsa magetsi m'kalavani

Anthu amene amakoka kalavani kukagona ku Cape Maclear, ku Liwonde kapena ku Nyika nthawi zambiri amanyamula kabokosi kotchedwa jump starter, kothandiza kuliza injini batire la galimoto likafooka, ndipo ena amafuna kuti kabokosi komweko kaziwaunikira usiku. Zimenezi n'zotheka, koma muyenera kudziwa malire ake musanakadalire.

Chipangizochi anachipanga kuti chizitulutsa mphamvu yochuluka kwambiri kwa masekondi ochepa, pamene magetsi a m'kalavani amafuna mphamvu yochepa koma yoyenda maola ambiri mosalekeza. Nambala yaikulu yolembedwa pabokosi isakunyengeni. Mukaona 20,000 mAh (muyeso wa magetsi amene batire limasunga; 1,000 mAh ndi 1 Ah), dziwani kuti kawirikawiri amawerengera pa mavoti 3.7 a timabatire ta lithium ta m'kati, osati pa mavoti 12 a kalavani, kotero mphamvu yonse imangokwana 74 Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Batire la deep cycle, lopangidwa kuti lizitulutsa mphamvu pang'onopang'ono kwa maola ambiri, likakhala la 100 Ah limasunga pafupifupi 1,200 Wh, ndipo ngakhale mutagwiritsa theka lokha, monga zimafunikira pa mabatire a asidi, mumakhalabe ndi mphamvu yoposa ya kabokosi kaja kasanu ndi katatu.

Tiwerengere limodzi. Mababu atatu a LED a mawati atatu lililonse, akayaka maola anayi, amadya 36 Wh, ndiye kuti pafupifupi theka lapita. Mukatchajanso mafoni awiri, chotsala chimakhala chochepa kwambiri. Firiji yaing'ono ya m'galimoto, yomwe imakoka mawati pafupifupi 45 ikamalira, ikhoza kukamaliza kabokosiko kusanache, ndipo ine sindilangiza aliyense kuti ayese. Ketulo ya magetsi kapena simbi, musaganizire n'komwe.

Polumikiza, gwiritsani ntchito potulukira mphamvu pa USB kapena pa mavoti 12 ngati palipo, ndipo muwerenge m'kabuku kake kuti pamalola ma amp angati. Musamangirire mawaya a kalavani kuzopanira zofiira ndi zakuda za kabokosiko, zija zolizira injini, chifukwa zambiri zimadzizimitsa pakapita kanthawi, ndipo ngati waya wakhudzana ndi unzake popanda fyuzi, moto ukhoza kubuka m'kalavani momwe ana akugona. Fyuzi iikidwe pawaya wofiira, pafupi kwambiri ndi gwero la mphamvu. Musasiyenso kabokosiko padzuwa kapena m'galimoto yotsekedwa, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuchigwa cha Shire, pakuti lithium sagwirizana ndi kutentha, ndipo mukaona kuti katupa, musakagwiritsenso ntchito.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha m'mawa mwake. Ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, kumazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo kuzizira kumafooketsa batire la galimoto, pomwe injini ya dizilo imafuna mphamvu yambiri kuti ilire. Ngati munathera mphamvu ya jump starter pa mababu usiku, mudzasowa pogwira, ndipo ku Rumphi kumene mungapeze makaniko ndi kutali. Choncho, kalavani ikhale ndi batire lakelake la deep cycle, lotchajidwa ndi sola kudzera pa charge controller, kachipangizo kowongolera mphamvu yolowa m'batire, ndipo ngati mwakakamizika kuyatsira nyali pa jump starter, muzimitse nyalizo pamene timagetsi tosonyeza mphamvu ya kabokosiko tisanatsike kupyola theka.