Kuyendera boti lakale la matabwa musanaligule

Pitani ndi sikuludiraiva, tochi ndi makaniki wodziwa injini za maboti.

1. Likokereni boti kumtunda. Bayani matabwa apansi ndi thabwa lakumbuyo lokolekapo injini; sikuludiraiva ikalowa mosavuta, thabwalo lawola. Penti watsopano amabisa zambiri.
2. Libwezereni m'madzi, lidikireni ola limodzi osakapa, muone madzi olowa.
3. Ambiri amapusitsidwa apa: injini yoipeza yotentha kale musaikhulupirire. Ilizeni itazizira, muone ngati ikulavula madzi oziziritsa. Oyilo wa giya akaoneka ngati mkaka, madzi akulowamo.
4. Nambala ya injini ifanane ndi ya palisiti, kuopa yakuba.
5. Pamtengo wogulira onjezeranipo matabwa, misomali, phula, malipiro a mmisiri ndi chiphaso cha boti, kenako munenerere.