Mungadziwe bwanji kuti mwana akuchitiridwa nkhanza

Ambirife tikamva za nkhanza kwa ana timangoganiza zomenya basi, koma zilipo zambiri. Yambani ndi kuyang'ana thupi, zipsera, mikwingwirima, mabala a moto m'manja, pajatu ena amaotcha mwana ati chifukwa waba ndiwo mumphika, kumeneko sikulanga ayi. Mvetseraninso mmene akumulankhulira pakhomopo, mwana wongotukwanidwa tsiku ndi tsiku kuti "chitsiru iwe, unatengera bambo ako" amayamba kudzipatula, ena mpaka kumakodza pogona.

Kulekerera nakonso ndi nkhanza. Mwana kugona ndi njala, kudwala osapita naye kuchipatala, anzake ali mkalasi iye akugulitsa mandasi pa depoti. Kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu ku Malawi kuno.

Yovuta kwambiri ndi yogwiririra chifukwa kawirikawiri wochitayo amakhala wapakhomo pompo, amalume kaya bambo omupeza, ndiye achibale amati tingokambirana pachibale nkhani isatuluke. Osalola zimenezo. Mwana akakuuzani mukhulupirireni, musamukalipire, musamusambitse kaye, thamangani naye kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire PEP, mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, kenako kupolisi ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Mukhozanso kuimba 116, nambala ya foni yothandiza ana, ndi yaulere.