Ulendo wa ku Joni: momwe mungasungire ndalama ndi khadi ya ku banki

Amene mukukonzekera kupita ku Joni koyamba, kaya kukaoda katundu kaya kukaona abale, nkhani ya ndalama muikonzeretu mudakali kunyumba, osati mutakwera kale basi ayi. Ine zinandionekera. Ulendo wanga woyamba ndinaima pa till mushopu ina ku Johannesburg nditanyamula zovala za ana, khadi ndinaika kawiri makina akungokana, kumbuyo kwanga mzere wautali anthu ayamba kung'ung'udza, chonsecho muakaunti ndalama zinalimo, vuto linali loti khadiyo inali isanatsegulidwe kuti izigwira ntchito kunja kwa dziko. Katundu yense ndinamusiya pompo n'kutuluka chimanjamanja, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Ndiye choyamba, pitani ku banki kwanu kudakali sabata imodzi kapena awiri. Onani ngati khadi yanu ili ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard, onaninso mwezi ndi chaka chomwe ikutha ntchito, ambiri sitiyang'anako pamenepo. Auzeni masiku omwe mukunyamuka ndi maiko omwe mudutse, muwafunse bwinobwino kuti khadiyi ikuloledwa ndalama zingati kunja patsiku komanso pamwezi. Funso limeneli ndiye lofunika kuposa onse, chifukwa ndi kusowa kwa forex kumeneku mabanki amaika malire ndipo malirewo amasinthasintha, mutha kukhala ndi mamiliyoni muakaunti koma khadi n'kungokulolani zochepa chabe. Afunseninso kuti amadula zingati mukatapa pa ATM yakunja. Nambala yoimbira kuti atseke khadi ikasowa muilembe papepala, musangoisunga mufoni mokha, foni ndi chikwama nthawi zambiri zimabedwa limodzi.

Chinanso chomwe anthu amaiwala ndi SIM card. Mukamalipira pa intaneti, tinene tikiti yobwerera kapena malo ogona, banki imatumiza kanambala kachinsinsi kaja ka OTP ku nambala yanu ya kumudzi. Ndiye ngati mwafika n'kuchotsa Airtel kapena TNM yanu n'kuika Vodacom kapena MTN, kanambalako sikakupezani ndipo kulipirako kuthera pomwepo. Tsegulitsani roaming musananyamuke, ndipo ngati foni yanu ndi ya malaini awiri laini yakwanu isiyeni momwemo, data yokha muitseke kuti isakudyereni mayunitsi.

Tsopano ndalama zapamanja. Gulani randi kapena madola ku banki kapena ku bureau yovomerezeka, mutenge pasipoti ndi tikiti, lisiti musataye, muisunge pamodzi ndi pasipoti chifukwa pa boda akhoza kukufunsani kuti ndalamazi munazipeza kuti. Yambani kusaka msanga, nthawi zina mumapita lero akuti kulibe mubwere mawa. Ndipo musawerengere mtengo womwe mnzanu anagulira chaka chatha, tonse tikukumbukira mu November 2023 kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti, bajeti za anthu zinasokonekera usiku umodzi.

Kumbukirani kuti pa basi simukupita dziko limodzi. Mukatuluka pa Mwanza mwalowa Zobue ku Mozambique komwe ndalama yake ndi metical, mudutsa Tete, mutulukira Cuchamano kulowa Nyamapanda ku Zimbabwe, kenako Harare mpaka Beitbridge. Ku Zimbabwe ali ndi ndalama yawo ya ZiG yomwe inayamba mu April 2024 koma dola ya America ndi yomwe imayenda kwambiri, ndipo chenje n'chovuta. Choncho nyamulani timadola ting'onoting'ono, ma 1 ndi ma 5, komanso ma R10 ndi ma R20, zogulira madzi, chakudya ndi kulipira kuchimbudzi. Mukatulutsa 50 dollars kuti mugule botolo la madzi muvutika ndi chenje komanso aliyense waona kuti muli nazo. Madola akhale osang'ambika ndi osalembedwalembedwa, akutha ambiri amawakana. Anyamata osintha ndalama pa boda aja ine ndimati apeweni, si zololedwa komanso manja awo ndi achangu, amawerenga inu mukuona zokwana koma mukabwerera mubasi mupeza zapelewera. Ngati mwanyamula ndalama zoposa malire omwe anaika polowa ku South Africa lamulo limati muzinene kwa a kasitomu.

Apa ndiye pagona nkhani, musaike zonse malo amodzi. Ine ndimagawa patatu. Zapanjira zija ndimaika m'thumba lakutsogolo, zongokwana tsikulo. Zambiri zija, za katundu, zimakhala m'kachikwama kam'kati mwa zovala kogundana ndi thupi, amayi ambiri amasokera kathumba mkati mwa siketi ndipo zimathandiza, kameneka simutsegula pagulu, mukafuna kutapamo lowani kuchimbudzi. Khadi imakhala payokha, ndipo ngati muli ndi makhadi awiri a mabanki osiyana ndi bwino kwambiri, ina ikakana ina igwira, koma musawaike m'chikwama chimodzi. M'chikwama chachikulu cholowa pansi pa basi musaikemo ngakhale tambala.

Mukafika pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ku Joni, musathamangire ATM yoyamba yomwe mwaiona. Pitani ya mkati mwa mall kapena mkati mwa banki, masana. Kuba kofala kumeneko ndi kosinthanitsa khadi: munthu wovala bwino amabwera mwaulemu kuti makinawa akuvuta ndikuthandizeni, wagwira khadi yanu kamphindi, wakubwezerani ina yofanana nayo, mnzake ali kumbuyo waona kale PIN. Munthu akangoyandikira dinani cancel, tengani khadi, chokanipo, musamve manyazi. PIN phimbani ndi dzanja nthawi zonse. Khadi ikamezedwa musachoke musanaimbe foni kuti aitseke. Potapa, bola kutapa kamodzi zokwana masiku angapo kusiyana ndi pang'onopang'ono tsiku lililonse, chifukwa ulendo uliwonse amakudulani. Makina akakufunsani kuti akuwerengereni mu randi kapena mu ndalama ina, sankhani randi, njira inayo amasinthira pa mtengo wawo womwe umakhala wodula.

M'mashopu akuluakulu ngati Shoprite, Pick n Pay kapena Pep khadi imayenda bwinobwino, ingoonetsetsani kuti makinawo abwere pomwe muli, khadi isapite kuseri. Mataxi aja, maminibasi akumeneko, ndi kashi basi, ndipo kooda katundu ngati ku Dragon City kapena China Mall kunenerera mtengo kumayenda bwino muli ndi kashi m'manja. Ku malo ogona ena amayamba atsekereza ndalama ya dipoziti pa khadi, imadzabwerera koma pamatenga masiku, ndiye ngati malire anu ndi ochepa pemphani kuti dipozitiyo mupereke pamanja akupatseni lisiti.

Ndalama yobwerera, ya tikiti, ya katundu mubasi ndi ya msonkho pa Mwanza, muipatule tsiku lomwe mwafika ndipo musaikhudze ngakhale mutaona nsapato zotchipa bwanji. Mukafika kunyumba tengani statement ku banki muyerekeze ndi malisiti anu limodzi ndi limodzi, mukaona ndalama yadulidwa kawiri kapena ku shopu yomwe simunalowemo kadandauleni sabata yomweyo, mukachedwa zimavuta kubweza.